Anabadwa Tsiku Limodzi: William Laud, Elijah Muhammad ndi Desmond Tutu

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.]

Takulandirani ku pulogalamu yathu ya mbiri ya atsogoleri a zipembedzo. Lero ndi pa 7 Okutobala, ndipo ndakutengerani anthu atatu amene anabadwa tsiku ngati lalero, ngakhale kuti zaka ndi mayiko n'zotalikirana. A William Laud anabadwira m'tauni ya Reading ku England mu 1573. A Elijah Muhammad anabadwira ku Sandersville, m'chigawo cha Georgia ku America, mu 1897. A Desmond Tutu anabadwira ku Klerksdorp, ku South Africa, mu 1931.

Ndineneretu kuti ine sindikhulupirira zoti tsiku lobadwa limaumba mtima wa munthu. Ndiponso pamene a Laud ankabadwa, ku England ankawerengera masiku pakalendala yakale, yomwe inali m'mbuyo ndi masiku 10 poyerekeza ndi yathuyi, ndipo anaisiya mu 1752. Chimene chandikopa n'china. Atatu onsewa anakumana ndi funso limodzi lovuta: kodi munthu wa Mulungu amutani munthu amene wamutsutsa, kapena amene wamulakwira koopsa? Awiri mwa iwo, a Laud ndi a Tutu, anali mabishopu aakulu a mpingo umodzi wa Anglican. Ankavala mikanjo yofanana, ankapemphera mapemphero ochokera pamuzu umodzi, koma mayankho awo anasiyana kutalitali.

Tiyambire ku London, mwezi wa Juni mu 1637. Pabwalo la Westminster pasonkhana chikhamu cha anthu. Amuna atatu awalowetsa mitu ndi manja m'matabwa oboola kuti asathe kusuntha. Mmodzi ndi loya, William Prynne. Wina ndi dokotala, John Bastwick. Wachitatu ndi mbusa, Henry Burton. Mlandu wawo ndi wolemba timabuku tonyoza mabishopu. Bwalo la mfumu lotchedwa Star Chamber lagamula kuti aliyense alipire mapaundi 5,000, akhale m'ndende moyo wake wonse, ndipo adulidwe makutu. Prynne anali atadulidwa kale makutu mu 1634 pa mlandu wina, choncho tsikuli anangomaliza zotsalira, kenako anamutentha masaya ndi chitsulo chamoto, kumudinda zilembo ziwiri, S ndi L, kutanthauza wolemba mabodza oukira boma. Iye mwini anati ayi, m'Chilatini zilembo zimenezo zikutanthauza zipsera za Laud. Mkazi wa Bastwick anatola makutu a mwamuna wake n'kuwakulunga m'kampango koyera. Boma linkayembekezera kuti anthu awakuwiza atatuwo. M'malo mwake anthu anawayalira maluwa m'njira, ena n'kumaviika timipango m'magazi awo ngati a ofera chikhulupiriro.

A Laud analipo pamene mlanduwu unkazengedwa. Analankhula nthawi yaitali kuteteza zonse zimene ankachita mumpingo. Pa chilango chenichenicho sanaponye voti, ati poti nkhaniyo inkawakhudza iwo eni, koma anathokoza oweruza, ndipo palibe amene anakayika kuti mtima wawo unali kuti.

Komatu munthuyu tisamujambule ngati chilombo, chifukwa sanali choncho. Anali mwana wa munthu wogulitsa nsalu, wamfupi, wamtima wapachala, wolimbikira ntchito koopsa, ndipo sanakwatire. Anaphunzira pa St John's College ku Oxford, n'kudzakhala mkulu wa kolejiyo mu 1611. Anakhala bishopu wa London mu 1628, ndipo mu 1633 Mfumu Charles Woyamba anawakweza kukhala bishopu wamkulu wa Canterbury. Chimene chinkawawawa ndi mmene matchalitchi analekereredwera. Gome la mgonero linkakhala pakati pa tchalitchi, anthu n'kumaikapo zipewa, ena kulemberapo za malonda, agalu n'kumalowa ndi kutuluka mmene afunira. M'tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London anthu ankangoyendayenda ngati pamsika. A Laud analamula kuti gomelo lisunthidwe, liikidwe kukhoma la kum'mawa ngati guwa, litchingidwe ndi kampanda, ndipo anthu azigwada polandira mgonero. Aliyense amene anaonapo mbuzi zikubisala mvula m'nyumba ya Mulungu angamvetse kupsa mtima kwawoko. Ankakondanso maphunziro zedi: anapereka mabuku akale olembedwa pamanja oposa 1,000 ku laibulale ya Bodleian, ndipo mu 1636 anakhazikitsa udindo wa pulofesa wa Chiarabu ku Oxford. Analimbananso ndi eni minda olemera amene ankatchinga malo n'kuthamangitsa anthu osauka.

Vuto linali lakuti kwa iwo, kusiyana maganizo ndi bishopu kunali kuukira mfumu, ndipo kuukira mfumu kunali kuukira Mulungu. Akhristu ambiri otchedwa Apuritani ankaona guwa, kugwada ndi mikanjo yokongoletsa ngati njira yobwerera ku Roma. Mwina ankakokomeza. Koma m'malo mokhala nawo pansi, a Laud anagwiritsa ntchito makhoti a mfumu. Abusa anachotsedwa ntchito, mabuku analetsedwa, ndipo mabanja ambirimbiri anakwera zombo kuthawira ku America.

Apa pakubwera mbali imene imatikhudza ife kuno, makamaka inu a CCAP. Chaka chomwecho cha 1637, mfumu ndi a Laud anafuna kuti mpingo wa ku Scotland uyambe kugwiritsa ntchito buku latsopano la mapemphero, lomwe msonkhano waukulu wa mpingowo sunafunsidwe n'komwe. Pa 23 Julaye, m'tchalitchi cha St Giles ku Edinburgh, wotsogolera mapemphero atangotsegula bukulo, kunabuka chipwirikiti. Anthu a ku Scotland amasimba kuti mayi wina wogulitsa pamsika, Jenny Geddes, ananyamula kampando kamene anakhalira n'kukaponya kulunjika mutu wa wowerengayo. Mu 1638 anthu miyandamiyanda anasaina pangano lokana kusinthiridwa chipembedzo ndi mfumu, ndipo msonkhano wa mpingo ku Glasgow unathetseratu udindo wa mabishopu. Mpingo wolamulidwa ndi akulu ampingo umene unalimba m'masiku amenewo ndi umene zidzukulu zake zinafika pa Cape Maclear mu 1875 ndi pa Blantyre mu 1876, n'kudzalumikizana kukhala CCAP mu 1924. Inu a Anglican nanunso muli m'nkhaniyi. Mukalowa m'tchalitchi cha St Peter's pa Likoma n'kuona guwa lili kutsogolo, wansembe ali mumkanjo, anthu akugwada mwadongosolo, mukuona kapembedzedwe kamene a Laud ankamenyera. Mkangano wa zaka pafupifupi 400 zapitazo unakocheza panyanja yathu, mbali zonse ziwiri.

Mfumu inayesa kugonjetsa a ku Scotland ndi nkhondo koma inalephera, ndalama zinaithera, ndipo inakakamizika kuitanitsa nyumba ya malamulo. Aphungu anamasula Prynne ndi anzake, n'kugwira a Laud kumapeto kwa 1640. Mu 1641 anawatsekera m'ndende ya Tower of London. Amene anapatsidwa ntchito yosonkhanitsa umboni wowatsutsa anali Prynne yemwe uja, wopanda makutu, wazipsera m'masaya. Analowa m'chipinda cha nkhalambayo, nasecha mpaka m'matumba, natenga kabuku kamene ankalembamo zakukhosi ndi maloto awo, n'kukasindikiza atasankhamo zowaipitsa. Mlandu unazengedwa mu 1644, koma umboni woti anaukira dziko sunapezeke. Aphungu anangopanga lamulo lapadera loti aphedwe basi. Pa 10 Januwale 1645, ali ndi zaka 71, anawadula mutu ndi nkhwangwa pa Tower Hill.

Makolo athu amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Sindikunena mwambiwu mokondwera, chifukwa imfa imeneyo inali yopanda chilungamo, monga mmene kudula makutu kuja kunalili kopanda chilungamo. Prynne sanachite china koma kubweza zimene anaphunzira pabwalo la Westminster. Mpingo wa ku England umawakumbukira a Laud pa 10 Januwale chaka chilichonse, ndipo ine ndimaona kuti patsikulo mayina a amuna atatu aja ayenera kumatchulidwanso.

[Nyimbo yachidule]

Ngati mwangotsegula wailesi yanu, tikukamba za atsogoleri atatu a zipembedzo amene anabadwa pa 7 Okutobala. Tiwoloke nyanja tsopano, tipite ku Georgia.

A Elijah Muhammad dzina lawo lobadwa nalo linali Elijah Poole. Anali wachisanu ndi chiwiri m'banja la ana 13. Bambo awo ankalima munda wa mzungu mogawana zokolola, ngati mmene amachitira matenanti m'maesiteti a fodya, ndipo Lamlungu ankalalikira mumpingo wa Baptist. Sukulu anailekezera m'makalasi oyambirira. Ankasimba kuti ali mnyamata anaona ndi maso awo munthu wakuda ataphedwa ndi gulu la azungu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anthu ochita zimenezo ankadzitcha Akhristu. Mu 1923 anasamukira ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto, pamodzi ndi akazi awo a Clara. Chuma cha America chitagwa mu 1929 ntchito inatha, ndipo mowa unayamba kuwalamulira. Mu 1931 anakumana ndi Wallace Fard Muhammad, munthu amene ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa nsalu uku akuphunzitsa anthu akuda kuti mayina amene ali nawo ndi a eni akapolo, ndipo chipembedzo chawo chenicheni ndi Chisilamu. Fard anasowa mu 1934, ndipo gulu lake, la Nation of Islam, linatsala m'manja mwa a Elijah kwa zaka zoposa 40.

Abale athu Achisilamu amene mukumvera, mudziwe kuti zimene ankaphunzitsa zinali zosiyana kwambiri ndi zimene mumamva kumzikiti. Ankati Fard anali Mulungu amene anabwera m'thupi, iwo ndi mtumiki wake, ndipo azungu ndi ziwanda zimene zinapangidwa ndi wasayansi wakale wotchedwa Yakub. Yankho lawo pa funso lathu lija linali lakuti: wokulakwirayo sangasinthe, usamupemphe kanthu, patukana naye. Ankafuna kuti anthu akuda apatsidwe dera lawolawo. Mu 1942 anamangidwa chifukwa chokana kulembetsa usilikali, natuluka mu 1946, ndipo nthawi yonseyo a Clara ndi amene anagwirizira gululo.

Zabwino anachita, ndipo n'zosabisika. Amuna amene dziko linawataya, zidakwa, akuba, akaidi, ankatuluka m'manja mwawo atavala suti, atasiya mowa ndi fodya, akusamala mabanja. Gululo linatsegula sukulu, mabekale, malesitilanti ndi mafamu, komanso nyuzipepala ya Muhammad Speaks. Mkaidi wina wotchedwa Malcolm Little anawalembera kalata ali m'ndende, iwo anamuyankha, ndipo mkaidiyo anadzakhala Malcolm X. Katswiri wankhonya Cassius Clay analandira dzina la Muhammad Ali kuchokera kwa iwo mu 1964.

Koma chiphunzitso chopatukana ndi mdani sichithera pampanda, chimalowa m'nyumba. Malcolm atadziwa kuti mphunzitsi wake wabereka ana ndi atsikana amene ankagwira ntchito ya ulembi muofesi yawo, mtima wake unasweka, ndipo mu 1964 anatuluka m'gululo. Nyuzipepala ya gululo inamutcha wachinyengo woyenera kufa. Pa 21 Febuluwale 1965 anaomberedwa akuyamba kulankhula muholo ina ku New York. A Elijah anakana kuti sizikuwakhudza, koma sanamulire mwana wawo wauzimuyo. Atamwalira pa 25 Febuluwale 1975, mwana wawo weniweni, Warith Deen Mohammed, anasiya chiphunzitso cha ziwanda chija n'kutsogolera ambiri a gululo ku Chisilamu cha Sunni.

[Nyimbo yachidule]

Tibwerere kuno ku Africa. Desmond Tutu anali mwana wa mphunzitsi, a Zachariah, ndipo mayi ake, a Aletta, ankagwira ntchito zophika ndi kuchapa. Nayenso anakula akuona bambo ake akunyozedwa ndi azungu aang'ono kwa iwo. Zifukwa zoganizira ngati a Elijah anali nazo zokwanira. Koma pali kanthu kena kamene a Tutu ankakonda kukafotokoza mpaka ukalamba wawo. Tsiku lina ali kamnyamata, ataima ndi mayi ake, kunadutsa mzungu wamtali atavala mkanjo wakuda wa ansembe. Mzunguyo atafika pa mayiwo anavula chipewa n'kuwapatsa moni. Taganizani, m'dziko limene mayi wakuda wa ana ake ankaitanidwa ngati kamtsikana. Wansembeyo anali Trevor Huddleston, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wa Masasi ku Tanzania. Desmond atadwala chifuwa chachikulu n'kugonekedwa m'chipatala miyezi pafupifupi 20, Huddleston yemweyo ankabwera kudzamuona kawirikawiri, atamutengera mabuku. Mwana amene waona zimenezi sungamuuze kuti mtundu wonse wa anthu ndi ziwanda.

Ankafuna udokotala, ndipo malo kusukulu ya udokotala anawapeza, koma fizi inasowa. Anakhala mphunzitsi ngati bambo awo. Boma la tsankho litakhazikitsa lamulo la Bantu Education mu 1953, lomwe cholinga chake chinali kuphunzitsa ana akuda zongowakonzekeretsa kukhala antchito a azungu, iwo ndi akazi awo a Leah anasiya uphunzitsi. Anadzozedwa unsembe mu 1961, nakapitiriza maphunziro a zaumulungu ku King's College London. Mu 1975 anakhala munthu wakuda woyamba kuyang'anira tchalitchi chachikulu cha St Mary's ku Johannesburg. M'mwezi wa Meyi 1976 analembera kalata nduna yaikulu John Vorster kuichenjeza kuti magazi atsala pang'ono kukhetsedwa. Vorster anainyozera kalatayo. Pa 16 Juni apolisi anaombera ana asukulu ku Soweto.

Zotsatira zake ambiri mukuzidziwa: mlembi wamkulu wa bungwe la mipingo la South African Council of Churches kuyambira 1978, kulandidwa pasipoti, kupempha mayiko akunja kuti asiye kuchita malonda ndi boma la tsankho, mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1984, ndi kukhala bishopu wamkulu wa Cape Town mu 1986. Ine ndikufuna tiime pamaliro ena a ku Duduza, m'mwezi wa Julaye 1985. Ankaika achinyamata amene anafa pa zandale, ndipo anthu anali olusa. Mwadzidzidzi kunamveka mfuu yoti pali kazitape wa apolisi. Galimoto ya munthuyo anaigubuduza n'kuiyatsa, iye akumumenya, akufuna kumuponya pamoto. A Tutu, munthu wamfupi ngati a Laud, ali mumkanjo wawo wa ubishopu, analowa pakati pa chikhamucho pamodzi ndi Bishopu Simeon Nkoane, namukoka munthu wamagaziyo mpaka kumulowetsa m'galimoto ina. Achinyamata anawakalipira kwambiri. Patapita masiku ochepa, pamaliro ena ku KwaThema, anauza anthu awo omwe kuti akapitiriza kuotcha anzawo, iwo atenga banja lawo n'kuchoka m'dzikomo. Kudzudzula boma la adani ako kumafuna kulimba mtima, koma kudzudzula anthu ako ali ndi maliro pamaso n'kovuta kuposa pamenepo.

Tsankho litatha, Pulezidenti Nelson Mandela anawasankha kutsogolera komiti yofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu. Apa m'pamene mphamvu za boma zinafika m'manja mwawo, monga zinafikira m'manja mwa a Laud. Ntchito imene anaigwira ndi mphamvuzo inali yotchera khutu. Komitiyo inayamba kumva anthu mu Epulo 1996 ku East London, ndipo inalandira maumboni oposa 21,000. M'masiku oyambirira omwewo kunabwera bambo wina wachikulire panjinga ya olumala, Singqokwana Ernest Malgas, amene anazunzidwa ndi apolisi ndi kukhala zaka zambiri m'ndende ya pa Robben Island. Atayamba kufotokoza mmene ankamuzunzira, mawu anamuthera, nayamba kulira. A Tutu anaweramitsa mutu patebulo, nawonso n'kulira mosadzigwira, dziko lonse likuonera pa TV.

Wopalamula ankatha kukhululukidwa ndi boma pokhapokha ataulula zonse poyera. Anthu oposa 7,000 anapempha, ndipo amene anakhululukidwa ndi 849. Sindikufuna kukunamizani kuti aliyense anakhutira. Banja la Steve Biko, womenyera ufulu amene anafera m'manja mwa apolisi, pamodzi ndi mabanja ena anapita kukhoti la malamulo aakulu a dziko kukatsutsa zoti opha abale awo azimasuka chifukwa choulula, ndipo anagonja. P. W. Botha, mtsogoleri wakale wa boma la tsankho, anakana kukaonekera kukomitiyo. Ozunzidwa anadikira mpaka 2003 kuti boma liwapatse chipepeso cha marandi 30,000 aliyense, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene komitiyo inapempha, ndipo a Tutu eniake anadandaula nazo poyera. Mayi amene mwana wake anaotchedwa n'kutayidwa mumtsinje akanena kuti kukhululuka anamufulumizitsa, ine ndilibe pakamwa pomutsutsira. Chimene ndimawalemekezera a Tutu n'chakuti khutu lawo silinkasankha. Lipoti la komitiyo linanenanso za nkhanza zimene chipani cha ANC chinachita m'misasa yake kunja kwa dziko. Chipanicho chinathamangira kukhoti mu Okutobala 1998 kuti lipotilo lisatuluke, koma chinalephera, ndipo a Tutu ananena mosapsatira kuti sanalimbane ndi nkhanza za gulu limodzi kuti m'malo mwake mulowe nkhanza za gulu lina.

Anamwalira ku Cape Town pa 26 Disembala 2021 ali ndi zaka 90. Anali atasiya mawu oti pamaliro awo pasakhale zodzionetsera. Bokosi lawo linali la matabwa a paini osapaka utoto, lotchipa kuposa onse, zogwirira zake zili zingwe. Mwambo unachitika pa 1 Januwale 2022 m'tchalitchi chachikulu cha St George's, anthu ali ochepa chifukwa cha malamulo a Covid-19. M'mawa mwake, a Leah ndi abale ochepa alipo, phulusa lawo linakwiriridwa pansi m'tchalitchi momwemo, patsogolo penipeni pa guwa.



[Nyimbo yotsekera]